Puloteni ya pa membrane ikamakana kuoneka pa gel

Nyengo ya mapulojekiti a chaka chomaliza ikafika ku Zomba kuno, madandaulo a mu labu amakhala omwewo chaka ndi chaka. Puloteni yosungunuka m'madzi sivuta, imatuluka pa gel, phala lolimba lija lolekanitsira mapuloteni ndi magetsi, mzere wake uli wooneka bwino. Ikakhala ya pa membrane, kachikopa kamafuta kaja kokuta selo ndi tizipinda ta m'kati mwake, ndiye mutu umaima. Wina yake siikuoneka n'komwe. Wina yake yakakamira pamwamba, m'kabowo momwe anaithira. Wina yatuluka pamalo amene sanayembekezere ndipo wayamba kunyoza antibody, chozindikirira puloteni imene akufuna. Ndiye pali uja amene amafuna gulu lonse la mapuloteni, complex yathunthu, koma wapeza chigawo chimodzi chili chokhachokha.

Ambiri akafika apa amathamangira kuoda antibody wina kapena detergent (sopo wa mu labu wosungunula membrane) yodula, n'kumadikira miyezi kuti katundu afike kuchokera ku Johannesburg. Musatulutse ndalama musanayankhe funso ili: kodi selo linamanga gululo inu n'kuliphwasula m'chubu, kapena selo silinalimange n'komwe? Pa gel mavuto awiriwa amaoneka ofanana, koma njira zowathetsera n'zosiyana kotheratu.

Zimene zimachitika m'selo inu musanafikepo

Pafupifupi 25 peresenti ya majini athu amapanga mapuloteni okhala pa membrane. Mbali ya puloteni imene imaboola membrane imakhala ya ma amino acid pafupifupi 20 odana ndi madzi, okwanira kudutsa mafuta okhuthala mananomita 3. Mbali imeneyi ikangotuluka mu ribosome, kamakina kopangira mapuloteni, kagulu kotchedwa SRP kamaigwira n'kukokera ribosome yonse ku ER, chipinda cha m'selo chomangira mapuloteni otere, kumene khomo lotchedwa Sec61 limatsegukira chakumbali kuti mbaliyo ilowe m'mafuta. Günter Blobel analandira mphoto ya Nobel mu 1999 chifukwa chosonyeza kuti puloteni imanyamula yokha chizindikiro cha kumene ikupita. Pambuyo pake panapezeka othandizira ena, monga EMC, imene inadziwika mu yisiti mu 2009. Mabakiteriya ali ndi zawo zofanana nazo, SecYEG ndi YidC.

Kulowa mu membrane ndi chiyambi chabe. Mapuloteni ambiri otere sagwira ntchito paokha, ndipo chigawo chilichonse chimapangidwa ndi ribosome yakeyake, pa nthawi yakeyake. Chikalowa mu ER chimayenera kupeza anzake. ER imachita zimene amachita makondakitala pa depoti ya Zomba: minibasi sinyamuka isanadzaze, ngakhale mutadandaula chotani. Kusiyana kwake n'kwakuti chigawo chodikira nthawi yaitali sichisiyidwa pampando. Selo limachimata chizindikiro chotchedwa ubiquitin, puloteni ya p97 imachisolola mu membrane, ndipo proteasome, chigayo cha mapuloteni, imachigaya. Njira imeneyi ndi imene imatchedwa ERAD.

Selo limadziwa bwanji kuti chigawo chili chokha? Chifukwa pamene chimayenera kugundana ndi chinzake pamakhala poonekera. Chitsanzo chomveka bwino ndi T-cell receptor ya pa maselo a chitetezo cha m'thupi, imene ili ndi zigawo 8. Chigawo cha alpha chili ndi ma amino acid a chaji, arginine ndi lysine, pakatikati pa mafuta, cha beta chili ndi lysine, pamalo pomwe zinthu za chaji sizifunika kukhala. Zigawo zotsalazo, za CD3, zili ndi aspartate kapena glutamate, za chaji yotsutsana. Zikakumana zimabisana. Alpha ikasowa anzake, chaji chake chili poyera, sichedwa kugayidwa.

Chitsanzo china chili m'mafamase athu. Glibenclamide amene odwala shuga ambiri amamwa amagwira pa SUR1, chigawo cha khomo la potassium m'maselo a kapamba. Khomolo ndi la zigawo 8: Kir6.2 zinayi ndi SUR1 zinayi. Mu 1999 ofufuza a mu labu ya Lily Jan ku San Francisco anapeza kuti zigawo zonse ziwiri zili ndi ma amino acid atatu ondondozana, RKR, amene amabweza puloteni ku ER. RKR imabisika pokhapokha zonse 8 zikakhala pamodzi. Ndiye mukalowetsa jini ya SUR1 yokha m'maselo n'kumaiyembekezera pamwamba pa selo, mudikira mpaka semesita kutha. Na,K-ATPase, pampu ya sodium ndi potassium, nayo ndi chimodzimodzi: alpha popanda beta sichoka mu ER.

Ngati mukukayikira selo

Choyamba ndi kuwerenga, osati kupipeta. Fufuzani ngati puloteni yanu ili ndi inzake yoyenda nayo, ndipo ngati maselo amene mukugwiritsa ntchito amapanga inzakeyo. N'zomvetsa chisoni kuona munthu atasintha buffer kangapo pamene vuto lake ndi plasmid imodzi, DNA yonyamula jini ya inzakeyo, imene sanaike.

Kenako funsani shuga. Mapuloteni ambiri odutsa mu ER amamatidwa shuga pa asparagine, ndipo shugayo amasinthidwa akafika ku Golgi, chipinda chotsatira puloteni ikatuluka mu ER. Enzyme ya Endo H imadula shuga wa mu ER yekha, pamene ya PNGase F imadula onse. Gawani sampulo patatu: ina osaithira kanthu, ina Endo H, ina PNGase F. Endo H ikatsitsa mzere wonse kufika pomwe PNGase F yautsitsa, puloteni yanu sinatulukepo mu ER, ndipo detergent iliyonse imene mungagule siibweretsa gulu limene kulibe. Pa SUR1 zimenezi zimaoneka ngakhale popanda enzyme. Ili yokha imatuluka mzere umodzi cha pa 140 kDa (muyezo wa kulemera kwa puloteni). Mukaika Kir6.2 pamabwera mzere wachiwiri pamwamba pake, wotambalala, wa imene yadutsa ku Golgi.

Ngati mzere palibiretu, thirani MG132, cha pa 10 µM, kwa maola ochepa musanakolole maselo. Mankhwalawa amatseka proteasome. Mzere ukatulukira, ndiye kuti selo limapanga puloteniyo n'kumaigaya. Koma musasangalale msanga, imene mwaiona ndi yamasiye yomwe ija, yangopulumuka. MG132 ndi woyezera, sakonza kanthu. Chimene chimakonza ndi kuika chigawo chosowacho, kuchepetsa DNA ya chigawo chimene chachuluka, kapena kutsitsa kutentha. Puloteni ya CFTR yosowa amino acid ya phenylalanine 508, imene imayambitsa cystic fibrosis, imagayidwa pa 37°C, koma ina imafika pamwamba pa selo maselo akasungidwa cha pa 27°C, monga zinasonyezedwa mu 1992.

Amene mukugwira maselo okhala ndi HIV-1, dziwani kuti kachilomboka kamagwiritsa ntchito njira yomweyi. Puloteni yake ya Vpu imagwira CD4 yatsopano, puloteni ya selo imene kachilomboka kamagwirapo polowa, ikadali mu ER n'kuipereka ku proteasome, ndipo ina ya Nef imachotsa imene inafika kale pamwamba. CD4 ikachepa pa blot yanu, pepala lija losamutsirapo mapuloteni a pa gel, mwina simunalakwitse kalikonse.

Mu E. coli vuto lofala ndi dyera. Mtundu wa BL21(DE3), IPTG yoyatsira jini 1 mM, 37°C, mmene timachitira ndi mapuloteni osungunuka. Makomo a SecYEG ndi owerengeka, ndiye mukawathira puloteni yambiri nthawi imodzi amadzadza, yanu imaundana m'kati mwa selo, ya bakiteriya mwiniwake imasowa polowera, ndipo OD, muyezo wa kuchuluka kwa mabakiteriya, imaima kapena kutsika mutangothira IPTG. Tsitsani IPTG kufika 0.1 mM, kutentha kufika 18 mpaka 20°C, muzisiye usiku wonse. Mu June ndi July usiku wa ku Zomba umakuchitirani zimenezi mwaulere. Mu October, popanda shaker yoziziritsa, n'zovuta, ndipo n'kwanzeru kukonza ndondomeko ya pulojekiti moganizira zimenezi. Mitundu ya C41(DE3) ndi C43(DE3), imene Bruno Miroux ndi John Walker anaisankha ku Cambridge mu 1996, imapirira chifukwa imapanga pang'onopang'ono. Mabakiteriya nawo amagaya zamasiye: pa zigawo za SecYEG, SecY yopanda SecE imadyedwa ndi enzyme ya FtsH. Ikani zigawo zonse pamodzi.

Ndipo musakondwere ndi mzere wonenepa wochokera mu pellet, zogwa pansi mukasipina pa 10,000 g. Kawirikawiri imeneyo ndi puloteni youndana, yosalowa mu membrane. Tizidutswa ta membrane ya bakiteriya timatsalira m'madzi a pamwamba, ndipo timakhala pansi cha pa 100,000 g.

Ngati selo linachita zake, vuto lili m'chubu

Apa ndi pamene pamafera mapulojekiti ambiri. Kuti mutulutse puloteni mu membrane mumafunika detergent, ndipo detergent imodzimodziyo ikhoza kulowa pakati pa zigawo n'kuzilekanitsa. SDS imaphwasula pafupifupi chilichonse. Triton X-100 ili pakatikati. DDM ndi yofatsa, digitonin kuposa apo. Pa mitochondria, tizipinda topangira mphamvu m'selo, kusiyanaku kumaoneka ndi maso: digitonin imasunga magulu ake a complex I, III ndi IV ali ogwirana, ATP synthase ili iwiriiwiri, pamene DDM imazilekanitsa kuti gulu lililonse liyende palokha. Zonse ziwiri n'zoona, zimatengera chimene mukufunsa.

Pali zolakwika ziwiri zimene zimabwerezedwa mosalekeza. Choyamba ndi kuwerengera peresenti yokha, kuiwala kuchuluka kwa membrane. DDM 1 peresenti pa membrane yochepa ndi yambiri, pa membrane yochuluka ndi yochepa. Yezani puloteni, musunge mlingo umodzi wa magalamu a detergent pa galamu ya puloteni, ndipo muyese milingo ingapo pa tisampulo ting'onoting'ono musanawononge zonse. Chachiwiri ndi kuiwala detergent mu buffer yotsukira. CMC ya DDM, mlingo umene imayambira kupanga timipira, ili cha pa 0.17 mM, pafupifupi 0.009 peresenti. Mukatsika pansi pa pamenepo timipira ta detergent timabalalika, puloteni imatsala yosavala, imamatana, ndipo imathera pa khoma la chubu kapena pa column. Buffer iliyonse yotsatira ikhale ndi 0.02 mpaka 0.05 peresenti. Octyl glucoside ndi nkhani ina, CMC yake ili pamwamba pa 20 mM, ndiye kungosungunula sampulo ndi madzi pang'ono mwagwa kale.

Digitonin imachokera ku chomera cha Digitalis, ndi poizoni, ndipo imasungunuka ikatenthedwa pafupi kuwira. Ikakhalitsa mu firiji imayamba kugwa pansi, ndiye mphamvu ya imene yatsala m'madzi simuidziwanso. Konzani yatsopano tsiku lomwelo.

Malabu ambiri kwathu kuno alibe ultracentrifuge, ndipo anthu amaganiza kuti basi, za membrane n'zosatheka. Triton X-114 imathandiza. Njira yake inalembedwa ndi Bordier mu 1981. Sungunulani sampulo mu 1 peresenti pa ayisi, sipinani kuchotsa zinyalala kukadali kozizira, kenako ikani chubu pa 30 mpaka 37°C kwa mphindi zochepa. Madziwo amachita mbuu. Mukasipina pang'ono, pansi pamakhala kadontho kamafuta, ndipo mapuloteni oboola membrane amakhala m'menemo. Msampha wake ndi wakuti detergent imeneyi imayamba kuchita mbuu cha pa 23°C. Mabuku ambiri analembedwa m'malabu a ziziritso. Kuno, masana a October, benchi yanu yapitirira kale 23°C, ndiye mukangochotsa chubu pa ayisi kulekana kwayamba. Mukasipina zinyalala mu centrifuge yofunda, puloteni yanu imapita pansi limodzi ndi zinyalalazo, inu n'kuzitaya. Ikani rotor mu firiji kaye, kapena chitani gawo limeneli m'mamawa dzuwa lisanakwere.

Pophunzitsa, palibe chinthu chabwino kuposa maselo ofiira a magazi, ndipo a ng'ombe ochokera kophera nyama ndi okwanira, bola muwathire EDTA kapena citrate nthawi yomweyo kuti magaziwo asaundane. Mukawatsuka n'kuwathira mu sodium phosphate wa 5 mM, pH 8, wozizira, amaphulika, ndipo mukatsuka kangapo mumatsala ndi zikopa zoyera zotchedwa ghosts, zimene centrifuge ya pa benchi imatha kuzikhazika pansi. Yang'anitsitsani pansi pa chubu mukasipina koyamba. Pansi pa zikopa zofewa zija, zimene zimatsetsereka mukapendeketsa chubu, pamakhala kachulu kakang'ono kolimba, kotuwira, komatirira ku pulasitiki. Amenewo ndi maselo oyera, ndipo ndi odzaza ma protease, ma enzyme odya mapuloteni. Tsanulirani zikopazo m'chubu china, kachuluko kasiyeni. Mukakasakaniza, mizere yapamwamba ya spectrin ndi ankyrin, mapuloteni ochirikiza chikopacho, imayamba kudyeka ndipo gel imadzadza timizere tosadziwika. PMSF, yotsekera ma protease, sikupulumutsani ngati munaithira m'botolo dzulo, chifukwa pa pH 8 ndi 25°C theka lake limafa m'mphindi 35 zokha. Thirani pomwe mukuyamba. Komanso zikopazi zisafunde zili m'madzi opanda mchere, chifukwa umu ndi mmene anthu amachotsera spectrin dala.

Za kuthima kwa magetsi sindinena zambiri, tonse tikudziwa. Kuundana ndi kusungunuka mobwerezabwereza kumaphwasula magulu amene ali kale mu detergent msanga kuposa amene akadali mu membrane. Sungani membrane, osati zosungunula, muthire glycerol 10 peresenti, mugawe m'timachubu tambiri, ndipo mudzaze firiza ndi mabotolo a madzi. Kuti mudziwe ngati zinasungunuka usiku, undanitsani madzi theka m'kachubu, mukaike chozondoka. Mukapeza ayisi ali ku chivindikiro, mwadziwa.

Ngati vuto ndi gel yeniyeniyo

Chizolowezi chowiritsa sampulo pa 95°C kwa mphindi 5 chatipweteka. Pa mapuloteni osungunuka n'chabwino. Puloteni yoboola membrane kambirimbiri, monga transporter ya mbali 12, ikawiritsidwa imamatana ndi inzake ngakhale SDS ilipo, ndipo chimene mumaona ndi chinthu chakuda pakamwa pa kabowo kapena pamalire a stacking gel. Ikani pa 37°C kwa mphindi 30. Ngati simukudziwa khalidwe la yanu, yesani tsiku limodzi: kabowo kena yosatenthetsa, kena 37°C, kena 60°C, kena yowiritsa. Gel imodzi imeneyo imathetsa mkangano.

Sampulo ikachita zoyera mutangothira sample buffer, onani ngati muli potassium. SDS ikakumana ndi potassium imagwa pansi, ndipo ogwira makomo a potassium ndi amene amakodwa kwambiri chifukwa buffer zawo zimadzaza KCl. Botolo la SDS 10 peresenti likachita mbuu m'mawa wa July, kumeneko ndi kuzizira chabe. Liviikeni m'madzi ofunda mpaka liyere mbee ngati madzi, osatunga pamwamba pokha.

Tsopano za mzere wotuluka pamalo olakwika. Mapuloteni a pa membrane samvera ladder, mizere ija yoyezera msinkhu. Samasuka kwathunthu mu SDS ndipo amanyamula detergent mosiyana ndi anzawo, choncho ambiri amathamanga kuposa msinkhu wawo. LacY ya E. coli, ya ma amino acid 417, imalemera cha pa 46 kDa koma imatuluka cha pa 33 kDa. Sinaduke, ndi mmene ilili. Band 3 ya m'maselo ofiira, imene selo lililonse la munthu lili nayo pafupifupi miliyoni imodzi, imatuluka yotambalala pakati pa 90 ndi 100 kDa chifukwa shuga wake ndi wosiyanasiyana kutalika. Ophunzira ambiri amaiona n'kunena kuti gel yawonongeka, chonsecho mizere ya spectrin pamwamba pake ili yowongoka bwinobwino.

Palinso magulu amene SDS imawalephera. Glycophorin A, puloteni imene tizilombo ta malungo timagwirapo ndi puloteni yawo ya EBA-175 polowa m'selo lofiira, imayenda iwiriiwiri pa gel ya SDS chifukwa mbali zake za m'mafuta zimakumbatirana pa ma glycine awiri. Utoto wa Coomassie suiona bwino, imafuna PAS, utoto wa shuga, kapena antibody. KcsA, khomo la potassium la bakiteriya, imayenda inayi pamodzi mpaka mutaiwiritsa. Ndiye mzere wokwera kawiri kapena kanayi si nthawi zonse uve. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: gulu lenileni limapereka mzere wakuthwa umene umachepa mukawonjezera kutentha, pamene zomatana zimapereka makwerero kapena uphindu umene umachuluka mukatenthetsa.

Ngati pa gel ilipo koma pa blot palibe, dayani gel ija mutatha transfer. Mapuloteni aakulu odana ndi madzi amakonda kutsalira. Chepetsani methanol kufika 10 peresenti, thirani SDS 0.05 peresenti mu transfer buffer, ndipo pepala la PVDF linyowetsedwe mu methanol kaye.

Kumbukiraninso kuti kawirikawiri gel ya SDS singakuuzeni ngati gulu lilipo, popeza ntchito yake ndi kuphwasula. Funso limenelo limayankhidwa ndi blue native PAGE, ya Schägger ndi von Jagow ya 1991. M'malo mwa SDS mumagwiritsa ntchito Coomassie G-250, osati R-250 ya pa shelefu ija, kuti ipatse gululo chaji popanda kulimasula. Mchere mu sampulo usapitirire 50 mM NaCl, apo ayi zimagwa pansi kapena kupaka gel yonse. Iyendetseni kozizira, thanki ili mu beseni la ayisi ngati mulibe chipinda chozizira, chifukwa gel yofunda imaphwasula magulu ili m'njira ndipo mumapeza mchira wautali m'malo mwa mzere. Msinkhu umene mungawerenge ndi wongoyerekeza, popeza gulu limayenda litanyamula detergent, mafuta ndi utoto. Dulani kanjira kamodzi, mukagoneke pamwamba pa gel ya SDS. Zigawo za gulu limodzi zimatsika mondondozana pamzere umodzi woimirira, ndipo timadontho totsalira kumunsi kwa native gel ndi zigawo zamasiye kapena magulu omangidwa theka.

Za mitochondria, zimene ambiri saziganizira

Magulu a mu mitochondria amamangidwa ndi zigawo zochokera mbali ziwiri. Complex I ya nyama zoyamwitsa ili ndi zigawo 45, ndipo 7 mwa izo zimapangidwa kuchokera ku DNA ya mitochondria mwiniwake. Complex IV ili ndi 3 zotero. Complex II yokha ndi imene zigawo zake zonse 4 zimachokera ku nyukiliyasi. Mbali ya mitochondria ikasiya kupanga, zigawo za ku nyukiliyasi zimafika, kusowa pomangirira, n'kugayidwa. Achipatala akale akukumbukira stavudine, uja anali mu ma ARV oyamba amene anthu ambiri analandira m'dziko muno. Dzanzi la m'mapazi ndi kuphwa kwa masaya zinkabwera chifukwa mankhwalawo amasokoneza polymerase gamma, imene imachulukitsa DNA ya mitochondria.

Mu labu zomwezi zimachitika mwakachetechete. Ribosome ya mitochondria imafanana ndi ya bakiteriya, ndiye chloramphenicol imaitseka, doxycycline nayonso. Ngati mukuyatsa jini yanu ndi doxycycline n'kuona complex I ndi IV zikuchepa, musafulumire kulemba kuti jini yanu ndi imene yachita. Ikani maselo opanda jiniyo, muwathire doxycycline yemweyo masiku omwewo, ndipo pa blot iliyonse muonetse complex II, mwachitsanzo chigawo chake cha SDHA. Complex II ikakhala bwino pamene I ndi IV zatsika m'maselo onse awiri, tsitsani doxycycline kufika pa mlingo wochepetsetsa umene ukuyatsabe jini, mubwereze.